Musapereke galimoto yanu kwa munthu wa gilayinda

Abale anga amene munawoloka pa Mwami n'kukhazikika kuno ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi, za mapepala a galimoto pitani nokha ku ZRA, bungwe la misonkho la Zambia, ndi ku RTSA, loona za pamsewu, mukafunse pa kauntala. Ine ndikufuna tikambirane za penti, chifukwa ambiri mukuwononga galimoto imene munaikhetsera thukuta, ena mpaka kulipira ndalama kuti akuwonongereni.

Penti wa galimoto za masiku ano, kaya ndi Sienta, Vitz kapena Mark X yochokera ku Japan, ali ndi zigawo zitatu: primer pansi, mtundu pakati, ndiye pamwamba kakhungu koonekera kotchedwa clear coat. Kakhungu kameneka n'kopyapyala kuposa pepala la m'kope, ma micron 40 mpaka 50 basi. Kunyezimira konse kuli pamenepo, ndipo ndi komwe kamatchinjiriza mtundu ku dzuwa. Kakatha ndiye katha. Palibe botolo la polishi limene lingakabwezeretse, chotsala n'kupentetsanso.

Anyamata opezera amisiri makasitomala aja kwathu ku Malawi timawatcha madobadoba, kunonso alipo. Mwangoimika galimoto m'tauni, mnyamata wafika kale, akusisita bonati ndi chala. Akuti bwana pentiyu wafa, koma ali ndi munthu wake wa buffing, kupolisha ndi makina, amene aisandutse yatsopano dzuwa lisanalowe. Akutengerani kuseri kwa garaja ina, ndipo mmisiri uja atulutsa gilayinda, inde yodulira zitsulo ija, atamangirira chiguduli cha ubweya chimene chapukuta galimoto khumi osachapidwa. Gilayinda imazungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi, pamene makina enieni opolishira amathera cha m'ma 3,000, ndipo wodziwa ntchito safika n'komwe pamenepo. Apakapo compound, polishi wokhakhala woperesera penti, galimoto ili padzuwa, fumbi silinatsukidwe bwino. Penti amatentha, amafewa, n'kumaperesedwa. M'mphepete mwa bonati, pa mizere ya zitseko ndi m'makona a bampala ndi pamene pamayambira kupsa, chifukwa penti amakhala wopyapyala kwambiri pamenepo.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi chomaliza. Akatha kuperesa amapaka mafuta obisa zokalika, ena amapaka dizilo kapena polishi wa pansi wa m'nyumba. Madzulo galimoto ikuchita kuphethira, inu mukulipira mukumwetulira, dobadoba akutenga yake pambali. Mukaitsuka kawiri mafuta aja amachoka. Imikani padzuwa la masana muone: mizere yozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude bonati yonse, m'mphepete mukuonekera primer wotuwa. Pakadutsa chilimwe chimodzi kapena ziwiri denga limayamba kuyera ngati lathiridwa ufa, kenako kumafunduka ngati njoka. Mukabwerera, mmisiri akuti galimoto inabwera ili choncho. Wa dobadoba foni siikupezeka. Lisiti mulibe, ndiye mukadandaula kwa ndani? Akangomva kalankhulidwe kathu amadziwa kuti uyu ndi mlendo, sapita patali ndi nkhani. Chipsera choterechi chidakali pa bonati yanga, n'chifukwa chake ndikukalipa chonchi.

Ngati penti wakalikadi moti pakufunika makina, pitani nokha kwa mmisiri popanda wapakati. Muone makinawo ndi maso anu, akhale a dual action, amene amazungulira akunjenjemera, chifukwa satentha penti msanga. Muone ngati amamata tepi m'mphepete. Ayese kaye kadera kakang'ono pa buti, atsukepo ndi sopo, muyang'ane padzuwa. Akakana kuyesa, lizani galimoto muzipita. Musaisiye kuti mudzaitenga madzulo, ndipo musalipire ntchito isanathe. Kumbukiraninso kuti polishi ndi wakisi n'zosiyana: polishi amadya penti pang'ono kuti asalale, wakisi amangokuta pamwamba. Kupolisha mwezi ndi mwezi n'kudzimetera nokha kakhungu kaja.

Tsono zimene mungachite nokha pakhomo. Wakisi sapakidwa pa galimoto yakuda ndi litsiro, choncho yambani n'kutsuka. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi sopo wotsukira mbale asiyeni kukhitchini, amasungunula wakisi yense ndi kuumitsa mphira za m'mawindo. Gulani shampu wa galimoto, muyeze monga botolo likunenera. Ndowa zikhale ziwiri za malita 10, ina ya sopo, ina ya madzi okha otsukuluzira nsalu musanaibwezere m'sopo. Thirani madzi ambiri kaye kuti mchenga utsike, kenako tsukani kuyambira padenga kutsika pansi. Matayala akhale omaliza ndipo akhale ndi nsalu yawoyawo. Nsalu yake ndi ya microfibre, osati thawulo lakale kapena malaya otha. Ikagwa pansi yatola mchenga, tengani ina.

Chizolowezi china ndimadana nacho kwabasi: m'mawa mwana kapena mlonda akupukuta fumbi ndi chisanza chouma. Fumbi lofiira la kuno, kuyambira Juni mpaka mvula itagwa, ndi mchenga wosalala. Kulipukuta louma n'chimodzimodzi kukwecha galimoto ndi sandpaper tsiku lililonse. Bola ikhale ndi fumbi lakelo mpaka Loweruka. Madzi a pa mjigo nawo asaumire pa galimoto, amasiya timadontho toyera touma gwa. Tsukani pamthunzi n'kuumitsa msanga ndi nsalu.

Ikauma, valani kajumbo kopyapyala kudzanja musisite bonati. Mukamva tokhakhala ngati mchenga, pali zinthu zomata zimene sopo walephera. Pamenepo m'pofunika clay bar, kadongo kofewa kamene mumatsetsereza pang'onopang'ono pa penti wonyowa ndi madzi a shampu. Pouma osayerekeza. Phula la mumsewu limene limathothokera m'munsi mwa zitseko, makamaka mukadutsa pamene akukonza Great East Road, musalikande ndi chikhadabo. Donthezani parafini pang'ono pa nsalu, ikani nsaluyo pamenepo kwa mphindi imodzi, pukutani, n'kutsukaponso ndi sopo. Thinner ndi brake fluid zisayandikire penti.

Wakisi alipo wa mitundu iwiri. Wa carnauba, wochokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil, amanyezimira mokoma makamaka pa galimoto yakuda kapena yofiira, koma ndi dzuwa la Okutobala sakhalitsa, masabata 6 mpaka 8 watha. Wina ndi wopangidwa ndi mankhwala, pa botolo amalemba sealant, amene amatha kufika miyezi 4 mpaka 6. Kwa galimoto yogona panja, yoyenda m'fumbi la msewu wa kumidzi, ine ndimati tengani sealant, zonyezimirazo asiyireni a ukwati. Wokuuzani kuti akupakirani ceramic coating, chokutira penti cholimba chokhalitsa kuposa wakisi, m'mphindi 30 pabwalo la fumbi akukunamizani. Yeniyeni imafuna penti wokonzedwa bwino, malo otsekeka ndi maola ambiri kuti iume.

Kapakidwe kake nkaka. Galimoto ikhale pamthunzi, chitsulo chitazizira. Ikani kuseri kwa dzanja pa bonati, ngati pakutentha dikirani. M'mamawa mame atauma kapena cha m'ma 4 koloko ndi nthawi yabwino. Tapani pang'ono ndi kasiponji kofewa, pakani kadera kosapitirira theka la mita mbali zonse, mopyapyala moti wakisi azingooneka movutikira. Apa ndi pamene ambiri mumalakwitsa, mumamata ngati mukuzira nyumba. Wochuluka sawonjezera chitetezo, amangouma gwa, ndiye pochotsa mumakwecha mwamphamvu n'kukala penti. Malizani chitseko chimodzi kapena theka la bonati, dikirani mphindi 5 mpaka 10 achite mbuu, kenako dutsitsani chala. Pakasiya mzere woyera bwino wauma, pakapakika ngati mafuta dikiraninso. Pukutani ndi microfibre youma, mukuitembenuza pafupipafupi. Osapaka galimoto yonse n'kupita kukadya nsima. Pewani mapulasitiki akuda a m'mabampala ndi mphira, wakisi amasiya zoyera zovuta kuchotsa, ndipo pa galasi lakutsogolo amachititsa kuti mawaipa azipaka chifunga usiku.

Mukaona nsalu yatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti mwina penti wanu alibe clear coat, monga zimakhalira ndi galimoto zina zakale ndi zina zoyera zonyamula katundu, kapena kakhungu kaja kanaperesedwa kale. Pamenepo dzanja lipepuke, compound ayi.

Mthunzi wa mango ndi wokoma kwa munthu, kwa galimoto ndi msampha. Utomoni, ndowe za mbalame ndi za mileme zimadya penti, ndipo pakatentha zimasiya chipsera tsiku lomwelo. Sungani botolo la madzi ndi nsalu m'buti. Ikani nsalu yonyowa pa ndowepo kwa mphindi zingapo zifewe, n'kuzinyamula osakwecha nazo penti. Chovundikira galimoto n'chabwino pokhapokha galimoto ili yotsuka, apo ayi mphepo imachikwechetsa pa fumbi usiku wonse.

Kuti mudziwe ngati wakisi adakalipo, thirani madzi pa bonati yotsuka. Akachita timikanda n'kumagubuduka, alipo. Akayala ndi kumamatira, pakaninso. Osachepera, pakani mu Epulo mvula ikatha, mu Ogasiti dzuwa lisanakwiye, ndi mu Novembala mvula isanayambe. Koma ngati galimoto yangochoka kopentetsa, wakisi adikire masiku 30 mpaka 90, malinga ndi penti amene anagwiritsa ntchito, chifukwa amakhala akuumabe mkati. Funsani wopentayo, ndipo masiku amenewo muzingotsuka ndi shampu ndi madzi basi.