Kasamalidwe ka anthu mu felosipu ya pa koleji

Akakusankhani kukhala tcheya kapena mu komiti ya felosipu ya pa kampasi, choyamba gawani anthu m'magulu ang'onoang'ono semesita isanatenthe. Pa Eksodo 18 Yetero anamuuza Mose kuti akapitiriza kumva nkhani za aliyense yekha alefuka, ayike atsogoleri a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Inuyo tengani ya 10 ija. Mtsogoleri wa kagulu azidziwa mayina, kosi yomwe munthu akupanga, hositelo yomwe amagona, kuti wina akasowa masabata awiri zidziwike msanga.

Ndipo akasowa chonde musalembe pa gulupu ya WhatsApp kuti ena abwerera m'mbuyo. Pitani kuchipinda kwake, gogodani, khalani pansi mufunse kuti mayeso akuyenda bwanji, akugona bwino, fizi inatheka? Nthawi zambiri mupeza kuti munthuyo sanasiye Mulungu ayi, walephera kosi ndipo akuopa kuwauza makolo, kapena chibwenzi chatha, kapena ndi wa chaka choyamba yemwe sanapezebe mnzake ndi mmodzi yemwe ndiye amangodzitsekera. Mumvetsereni mpaka amalize, vesi ibwere pambuyo. Ambirife timathamangira kulalikira munthu asanatsirize ndi chiganizo chomwe.

Zomwe wakuuzani zithere pomwepo. Zija zomati "tiyeni timupempherere mlongo wathu uje, akudutsa mu zakutizakuti" pagulu ndi miseche basi ngakhale tazikutira mu pemphero, ndipo ikatuluka kamodzi palibenso abwere kwa inu. Koma pali malire. Munthu akanena zofuna kudzipha, kapena kuti wagwiriridwa, kapena wina akumuzunza, musalonjeze kuti mubisa, muuzeni poyera kuti izi zikufunika thandizo loposa lanu, mupite naye limodzi tsiku lomwelo kwa abusa a pa koleji, mlangizi kapena kuchipatala, ndipo wofuna kudziphayo musamusiye yekha. Kupemphera ndi kupita kwa dokotala sizitsutsana.

Mukamacheza ndi mnyamata kapena mtsikana pa nkhani zakuya khalani poonekera, osati mchipinda chotseka usiku. Ndalama za chopereka aziwerenga anthu awiri ndi kulemba.

Chinanso, wokulowani m'malo yambani kumukonza lero, musadikire sabata yomaliza muli kalikiliki ndi pulojekiti. Pa koleji anthu amachoka chaka ndi chaka, ndiye 2 Timoteyo 2:2 ikugwira ntchito kwambiri pano, zomwe mwaphunzira zipatseni anthu okhulupirika oti akaphunzitsenso ena. Mtengeni wa chaka chachiwiri mukamakayendera wodwala, mumupatse atsogolere phunziro la Baibulo inu mutakhala kumbuyo, mukatha mukambirane zomwe zayenda ndi zomwe sizinayende. Nanunso pezani wamkulu woti muzimuuza zanu, ndipo makalasi musamajombe chifukwa cha misonkhano ya komiti, a chaka choyamba aja amatengera zomwe akuona kwa inu.