Chithunzi cha agogo a Keyala: mmene mungapezere malo ake ndi kudziwa amene ali pamenepo

Zithunzi za asilikali a King's African Rifles, aja makolo ankangoti a Keyala, zikuyenda kwambiri pa Facebook ndi pa WhatsApp masiku ano, ndipo chimene chimandibowa nchakuti munthu amangoona nkhope nkunena kuti awa ndi agogo anga basi, anthu nkuyamba kusheya. Nkhope ikhale yomaliza abale. Yambani ndi malo, kenako gulu lake, dzina libwere pambuyo.

Ngati chithunzicho chili pakhomo, chijambuleni ndi foni panja pamthunzi, osayatsa fulashi, kumaso ndi kumbuyo komwe chifukwa kumbuyoko nthawi zina kumakhala chidindo kapena tizolemba ta pensulo. Musachichite lamineti chonde, mukatero mwachipha.

Tsopano malo. Iwalani kaye asilikaliwo, yang'anani kumbuyo kwawo. Mitengo imakula nkudulidwa, madenga amasinthidwa, koma phiri silisamuka. Likulu la Keyala kuno ku Nyasaland linali ku Zomba, pamene pali Cobbe Barracks, ndiye ngati chithunzicho ncha perete ndipo kumbuyo kuli phiri lalitali lafulati pamwamba, yambirani komweko. Sindikizani kope papepala, mupite nayo, muziyenda pang'onopang'ono mpaka mzere wa phiri ufanane ndi wa pachithunzi, kenako mufune chinthu chachiwiri chapafupi, kaya ngodya ya nyumba yanjerwa, masitepe, kapena nsanja ija yawotchi ya chikumbutso cha Keyala. Zinthu ziwiri zikagwirizana, china kutali china pafupi, ndiye kuti mwaima pomwe anaima wojambula uja. Kamera ya foni imakankhira mapiri kutali ndiye zumani pang'ono, komanso onani mthunzi, ngati uli waufupi pansi pa mapazi pitani masana dzuwa lili paliwombo. Koma ku baraki ndi kwa asilikali mpaka lero, pemphani chilolezo kaye, osangotulutsa foni pageti.

Kanthu kena, zithunzi zina anazitsuka motembenuza, ndiye phiri limaoneka ngati silikugwirizana pomwe malo ndi omwewo. Mamendulo amavalidwa pachifuwa kumanzere kwa wovalayo, akaoneka kuti onse avala kudzanja lawo lamanja, tembenuzani chithunzicho pa kompyuta muyesenso.

Zambiri sizinajambulidwe kuno nkomwe. Pa nkhondo yachiwiri anyamata a ku Nyasaland anamenya ku Moyale m'malire a Kenya ndi Ethiopia mu July 1940, ku Tug Argan ku Somaliland mu August chaka chomwecho, ku Madagascar mu 1942, kenako anakaphunzira za m'nkhalango ku Ceylon mu 1943 asanalowe Burma mu 1944 komwe anatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo yamvula mpaka kukafika mtsinje wa Chindwin. Ndiye mukaona miyala, minga ndi fumbi ganizani za Somaliland kapena kumpoto kwa Kenya, mukaona matope, nsungwi ndi tikachisi tosongoka ta Abuda, ameneyo ndi Burma. Pa Google Earth mutha kupendeka mapu nkuona mapiri ngati mwaima pansi, ingokumbukirani kuti maina anasintha, Ceylon ndi Sri Lanka, Burma ndi Myanmar, Rangoon ndi Yangon.

Yunifomu nayo imayankhula. Chipewa chija chosongokera pang'ono chokhala ndi ngayaye, chofiira kwa ambiri koma chakuda kwa a ku Nyasaland, chinali cha perete, ku Burma ankavala zobiriwira ndi chipewa chamlomo waukulu. Pa phewa pakakhala mutu wa chipembere ndiye kuti ndi 11th East African Division, omwe anapita ku Burma aja. Mizere ya pamkono, umodzi ndi lansi kopolo, iwiri kopolo, itatu sajeni. Ngati kwanu amati agogo sanakwezedwepo udindo koma wa pachithunziyo ali ndi mizere itatu, pamenepo dekhani kaye.

Pa dzina ndiye pamavuta zenizeni. Imperial War Museums, yosungira zakale za nkhondo ku Britain, ili ndi zithunzi zambiri pa intaneti zokhala ndi tsiku ndi malo, koma kawirikawiri mawu apansi amatchula mzungu wolamula, asilikali achikuda amangolembedwa kuti asilikali a ku East Africa. Chokuthandizani ndi nambala ya usilikali, osati sipelo ya dzina, paja makalaliki ankalemba mmene amvera, ndipo ena ankalembetsa dzina limodzi lokha kapena lina losiyana ndi la kumudzi. Manambala ambiri a ku Nyasaland amayamba ndi DN. Fufuzani m'sutikesi yakale kabuku kotulukira usilikali kapena makalata a penshoni. Mamendulo a nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, ali ndi dzina ndi nambala m'mphepete, koma nyenyezi za nkhondo yachiwiri monga Burma Star ndi Africa Star zambiri zilibe dzina, zimangokuuzani komwe munthu anapita.

Amene anafera konko mufufuzeni pa webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali ofera kunkhondo, mudzapeza batalioni, tsiku lomwalira ndi manda kapena chipilala chomwe palembedwa dzina lake. Musadabwe mukamusowa makamaka wa Chiwaya, bungwe lomwelo linavomera mu 2021 kuti Aafirika ambiri sanalembedwe maina, nanji amtengatenga. Amene anabwerako amoyo sali mmenemo, awo kawafufuzeni ku National Archives ku Zomba, ndipo ku Society of Malawi pa Mandala House ku Blantyre kulinso mabuku ndi zithunzi zakale.

Pomaliza ndi pamene mupite nacho kwa akuluakulu. Musawalozere kuti awa si agogo awa? Adzangovomera kuti musangalale. Apatseni chithunzi chonse, aliyense payekha, mufunse kuti mukudziwapo ndani apa, ndipo mujambule mawu awo pafoni. Akaloza munthu mmodzimodziyo, malo ndi chaka nkugwirizana ndi zomwe zili pamapepala, lembani dzinalo. Pakapanda zimenezo lembani kuti "mwina", ndipo mawu amenewo akhale pachithunzi pomwepo, poti chikayamba kuyenda m'magulu zolemba zapansi zimatsala m'njira.