Mmene mungayendere limodzi ndi mzamba, kuyambira kusikelo mpaka kutuluka m'chikuta

Mzamba amathandiza bwino mayi amene wamuona msanga ndiponso amene samubisira kanthu. Ichi n'chifukwa chake ntchito yoyamba ya mayi woyembekezera ndi kuyamba sikelo miyezi itatu yoyambirira isanathe, ngakhale kuti mwambo wathu umati pakati sipaululidwa pasanaoneke. Kuuza mzamba si kulengeza kumudzi, pakuti zimene mwakambirana m'chipinda chopimira zimathera momwemo.

Kuyambira mu 2016, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire, m'malo mwa kanayi monga zinalili kale. Pa ulendo woyamba mzamba adzakuyezani kuthamanga kwa magazi, kuchuluka kwa magazi, chindoko ndi HIV, ndipo ndi bwino kupita ndi bambo a kunyumba kuti zotsatira muzimvere limodzi. Mukapezeka ndi kachilombo mudzayamba ma ARV nthawi yomweyo, njira imene dziko la Malawi lidayamba mu 2011 pofuna kuteteza ana osabadwa. Mudzalandiranso neti ndi mankhwala owonjezera magazi, ndipo miyezi itatu ikadutsa mudzayamba kumwa mankhwala oteteza ku malungo otchedwa SP pamaso pa mzamba, katatu kapena kupitirira apo, kuti malungo asafike kwa mwana kudzera mu nsengwa.

Pamene mzamba akufunsa za mimba zam'mbuyo, nenani zonse, ngakhale zowawa kuzikumbuka: ngati mudapitapo padera, ngati mudachira ndi opaleshoni, ngati mudataya magazi ambiri, kapena ngati mwana adabadwa atamwalira. Mayankho amenewa ndi amene amamuuza ngati mungachirire pachipatala chaching'ono kapena akutumizeni kuchipatala cha boma lanu, kumene kuli fiyeta (chipinda chochitira opaleshoni) ndi magazi oika anthu. Akakuuzani kuti mukadikirire kuchipatala mwezi wa chisanu ndi chinayi ukakwana, musazengereze poganizira za kumunda, makamaka m'dzinja pamene mitsinje imadzaza ndipo njinga siwoloka.

Nkhani imene amayi ambiri amaibisa ndi ya mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda a kubereka, monga mwanamphepo. Agogo amapereka mwachikondi, koma mlingo wake palibe amaudziwa, ndipo chiberekero chikakakamizidwa kugwira ntchito mopitirira muyeso chimatha kuphulika, mwananso n'kubanika m'mimba. Njira yabwino ndi kusamwa n'komwe, koma ngati mwamwa kale, muuzeni mzamba mutangofika, mutchule nthawi ndi kuchuluka kwake. Mwina adzakukalipirani, poti azamba athu ndi ochepa ndipo ena amakhala atagwira ntchito usiku wonse, komabe adzadziwa kuti ayenera kumvetsera mtima wa mwana pafupipafupi.

Konzani chikwama mwezi wa chisanu ndi chiwiri usanathe, muikemo zitenje zochapa bwino, chipewa ndi masokosi a mwana, beseni, sopo, pepala lapulasitiki loyala pabedi, tochi ndi kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo ndalama ya mayendedwe ikhale payokha. Mukaona magazi, mutu ukamawawa kwambiri mpaka kuona zinthu mwachimbuuzi, nkhope ndi manja zikatupa, thupi likatentha, nsupa ikasweka matenda asanayambe, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, osadikira tsiku la sikelo.

Mwana akabadwa, lolani kuti mzamba amupukute ndi kumuika pachifuwa panu, khungu kukhudzana ndi khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja usafinyiridwe pansi, chifukwa ndiwo umamupatsa chitetezo ku matenda. Musathamangire kumusambitsa tsiku loyamba, ndipo pamchombo musapake phulusa, mafuta kapena china chilichonse chimene mzamba sanakupatseni. Mwana wobadwa wochepa thupi amafunditsidwa pachifuwa m'njira ya kangaru, ndipo bambo kapena agogo angathe kulandizana ndi mayi.

Musaumirire kutuluka maola 24 asanakwane, pakuti kutaya magazi koopsa kumachitika kawirikawiri m'maola oyambawa. Muli m'chikuta, mwana akakana bere, akamapuma mofulumira, akachita chikasu kapena mchombo ukatuluka mafinya, bwererani kwa mzamba tsiku lomwelo ngakhale mchombo usanagwe. Ngati zonse zili bwino, kaonaneni naye pa masiku amene walemba m'kabuku, kenaka pakatha milungu isanu ndi umodzi, pamene mwana amalandira katemera wotsatira ndipo inu mumasankha njira yolera.