Momwe mungasankhire AC yoyendera batire ya galimoto yogonamo

Galimoto yogonamo ikakhala padzuwa tsiku lonse, malata ake amasunga kutentha mpaka pakati pa usiku. Anthu oima kumalo opanda magetsi akafuna AC (makina oziziritsa mpweya), ambiri amathamangira kufunsa kuti makina abwino ndi ati. Yambani ndi mafunso awiri awa: usiku umodzi udzadya magetsi ochuluka bwanji, nanga mawa lake mudzawabwezera bwanji m'batire? Mayankho ake ndi amene akuuzeni makina oti mugule.

Yambani ndi kuchepetsa kutenthako

Dzuwa lambiri limalowera m'magalasi, makamaka lakutsogolo. Aphimbeni ndi zotchinga zonyezimira, kunja ngati n'kotheka. Ikani zotchinga kutentha m'denga ndi m'makoma, ndipo pakati pa mpando wa dalaivala ndi pogona pakhale katani yokhuthala. Musanayatse AC, fani ya padenga itulutse kaye mpweya wotentha. Izi n'zotchipa kuposa batire lina lowonjezera.

Dziwani chimene mukugula

Pali timakina tothiramo madzi kapena ayezi timene timagulitsidwa ngati AC. Tilibe kompuresa, pampu yopanikiza gasi woziziritsa. Timathandiza pang'ono kumene mpweya uli wouma, koma m'galimoto yotseka timangowonjezera chinyezi, zofunda n'kuyamba kunyowa. AC yeniyeni ili ndi kompuresa, ndipo imataya kutentha kunja kwa galimoto.

AC ya padenga yoyendera 12V, 24V kapena 48V imalumikizidwa kubatire popanda inverter, chida chosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba. Zambiri zili ndi kompuresa yosintha liwiro: imayamba pang'onopang'ono, ndipo m'kati mukazizira imachepetsa kukoka magetsi m'malo mozima n'kuyakanso. Kwa ambiri iyi ndiyo yoyenera. Ina ndi yogawika pawiri, chigawo chotaya kutentha chimakhala kunsi kapena kumbuyo kwa galimoto. Imasiyira sola denga lonse, koma mapaipi ake a gasi amafuna mmisiri. AC wamba ya 120V kapena 230V imafuna inverter, imene imataya magetsi okwana 10 mpaka 15 pa 100 alionse, ndipo kompuresa yake ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo, inverter yaing'ono n'kuzima. Yonyamula pamanja ikhale ya mapaipi awiri. Ya paipi imodzi imatulutsa mpweya wam'kati, ndiye wotentha wakunja umalowa m'ming'alu kudzatenga malo ake.

Mphamvu yoziziritsa imalembedwa mu BTU kapena m'mawati, ndipo wati imodzi ndi BTU 3.41 pa ola. Musasokoneze mawati oziziritsa ndi mawati amene makina akudya: AC ya BTU 8,000 imachotsa kutentha kwa mawati pafupifupi 2,350, koma kubatire imakoka ochepera theka la amenewo. Kwa galimoto yaing'ono yotchingidwa bwino, yongofuna kuziziritsidwa usiku, BTU 7,000 mpaka 10,000 nthawi zambiri zimakwana.

Werengerani usiku umodzi

Papepala la makina funani ma amp amene amakoka akamagwira ntchito mwamphamvu, osati a pa eco (liwiro lotsika losunga magetsi) okha, chifukwa otsatsa amakonda kuonetsa nambala yaing'onoyo. AC za 12V zimakoka pakati pa ma amp 20 ndi 60, zina kuposerapo.

Tiyerekeze kuti usiku wonse AC ikudya mawati 350. Maola 8 ndi 2,800Wh (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Onjezani 600Wh ya firiji, nyali ndi mafoni, zikhala 3,400Wh. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 limapereka 12.8V, choncho gawani 3,400 ndi 12.8, mupeza 265Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga). Batire silikamulidwa mpaka kuuma. Mukasiya 15 pa 100 m'kati, mukufunika pafupifupi 310Ah. Apa ndi pamene anthu okhala ndi batire limodzi la 100Ah amadabwa kuti AC yazima asanagone n'komwe: m'batire limenelo muli 1,280Wh basi, maola atatu ndi pang'ono.

Mabatire a asidi ndi a AGM (a asidi otsekeratu) amafa msanga mukamawatsitsa kupitirira theka, ndiye ntchito yomweyi ingafune oposa 500Ah, ndipo kulemera kwake kungapitirire makilogalamu 140. Batire lolizira injini musalikhudze n'komwe. Onaninso malire a BMS, kabokosi koteteza batire la lithium. Ngati imalola ma amp 100 okha, AC ndi ketulo ya pa inverter zikayaka pamodzi magetsi onse azima.

Magetsiwo abwerera bwanji?

Apa ndi pamene mapulani ambiri amagwera. Sola ya mawati 400 yogona padenga, tsiku la dzuwa labwino, imapereka pafupifupi 1,500Wh, osafika theka la zimene mwadya usiku. AC ya padenga imalandanso malo a sola, ndipo mthunzi wake ukagwera pa panelo, mphamvu imatsika kwambiri. Vuto linanso: mukaima pamthunzi galimoto imazizira koma sola siitchaja. Panelo yopinda yokhala ndi chingwe chachitali imathetsa zimenezi, galimoto pansi pa mtengo, panelo padzuwa.

Chaja ya DC-DC, yotchaja batire injini ikamayenda, ya ma amp 50 imabwezera pafupifupi 650Wh pa ola lililonse loyenda, bola alternator yanu, makina opanga magetsi a pa injini, ikhale yotha kupereka zimenezo. Lithium musailumikize ku alternator popanda chajayi, imakoka mosaleza mpaka alternator kupsa. Ngati sola ndi kuyenda pamodzi sizikubweza zimene mwadya, kuwonjezera mabatire kungokupatsani usiku wachiwiri, wachitatu mudzagona ndi thukuta.

Mawaya ndi fyuzi

Pa 12V waya woonda ndi mdani. Tengani ma amp 60, batire lili mamita 5 kuchokera pa AC, kutanthauza mamita 10 kupita ndi kubwera. Waya wa kopa wa 16mm² utaya 0.66V, kuposa 5 pa 100, ndipo AC idzazima ngati kuti batire latha pamene lili ndi magetsi. Wa 35mm² utaya 0.3V yokha. Lingani kutaya kosapitirira 3 pa 100. Pa 24V ma amp amatsika ndi theka, pa 48V amatsala gawo limodzi mwa anayi, choncho amene akumanga zonse kuyambira pachiyambi aganizire zimenezi asanagule batire.

Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi mutu wa batire wa pulasi, ya kukula kumene wopanga AC walemba, ndipo isapose zimene waya angapirire. Mitu ya mawaya ifinyidwe ndi chida chake. Polumikiza polobodoka pamatentha, ndipo moto wambiri wa m'magalimotowa umayambira pamenepo.

Musanaboole denga

Yezani kaye. Mabowo ofala ndi a 356mm mbali zonse ndi a 400mm, koma makina ena amafuna lawolawo. Musadule nthiti zolimbitsa denga. Pentani m'mphepete mwa podulapo kuti pasachite dzimbiri, ikani felemu yolimbitsa m'kati, ndipo mabawuti mumange mofanana kuti labala ikhale bwino. Makina akapendekeka kwambiri kapena timabowo totulutsira madzi tikatsekeka, madziwo adzadonthera pabedi. Mukamaliza, yezaninso msinkhu wa galimoto n'kulemba nambalayo pamene dalaivala akuiona.

Kenako gonani m'galimotomo usiku umodzi ili pakhomo, AC ili yoyaka, mita yowerenga ma amp itamangidwa kubatire. Pakapita ola, gwirani mawaya ndi polumikizira: ngati pakutentha, zimitsani mukonze. M'mawa werengani ma Ah amene apita, kenako muone ngati dzuwa la tsikulo lawabweza.