Mmene Mungasankhire Risiva ya Mphamvu Zokwanira Masipika Anu

Risiva ndi chipangizo chimene chimalandira zithunzi ndi mawu kuchokera ku dikoda, kompyuta kapena TV, n'kugawa mawuwo ku masipika onse a m'chipinda choonera mafilimu, ndipo mkati mwake muli ampulifaya yakeyake ya sipika iliyonse. Anthu ambiri akamagula risiva amathamangira nambala yaikulu ya mawati imene yalembedwa pakatoni, koma kusankha kwabwino kumayambira pa masipika amene muli nawo ndiponso pa kukula kwa chipinda chanu.

Choyamba, tembenuzani sipika yanu kapena tsegulani kabuku kake, ndipo mupeze manambala awiri. Nambala yoyamba imalembedwa kuti sensitivity, ndipo imasonyeza kukula kwa mawu amene sipikayo imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, munthu ataima mita imodzi kuchokera pamene ili. Kukula kwa mawuku kumayezedwa m'madesibelo, ndipo masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa madesibelo 84 ndi 92. Nambala yachiwiri ndi ya ma ohm, imene imasonyeza mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa, ndipo nthawi zambiri imakhala 8, 6 kapena 4.

Nambala ya madesibelo ndi imene anthu amainyalanyaza kwambiri, chonsecho ndi imene imalamula kuti mufunika mawati angati. Kuti mawu akwere ndi madesibelo 3 okha, mphamvu ya ampulifaya iyenera kuwirikiza kawiri, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akula kuwirikiza kawiri, pamafunika madesibelo pafupifupi 10, zimene zikutanthauza mphamvu yowirikiza ka 10. Choncho sipika ya madesibelo 85 imafuna mawati owirikiza kanayi kuti ifanane ndi ya madesibelo 91. Pa chifukwa chomwechi, risiva ya mawati 80 ndi ina ya mawati 100 zimangosiyana ndi desibelo imodzi, kusiyana kumene khutu limavutika kukuzindikira filimu ili mkati. Ine ndimaona kuti si nzeru kuwonjezera ndalama zambiri pofuna mawati 20 amenewo, ngati zina zonse pa marisiva awiriwo n'zofanana.

Kenako yezani mtunda wa pakati pa masipika akutsogolo ndi mpando umene mumakhalapo. Pabwalo, mawu amatsika ndi madesibelo 6 nthawi iliyonse imene mtunda wawirikiza kawiri, ngakhale kuti m'nyumba makoma amabweza mawu ena ndipo kutsikako kumachepako. Tiyerekeze kuti sipika yanu ndi ya madesibelo 88 ndipo sofa ili pa mamita 4. Wati imodzi idzakupatsani madesibelo pafupifupi 76 pamene mwakhalapo, mawati 10 adzakupatsani 86, ndipo mawati 100 adzakupatsani 96. M'maholo a kanema mawu amatcheredwa pa madesibelo 85, ndipo pamasiyidwa mpata wakuti pakaphulika bomba kapena pakagunda bingu akwere mpaka 105. Ndi anthu ochepa amene amaonera filimu pabalaza mawu ali okwera chotero, ndipo amene amatsitsa voliyumu ndi madesibelo 10, kuti mawu okwera kwambiri azilekezera pa 95, amangofuna gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yofunika kuti mawu afike pa 105. Apa m'pamene zimaonekera kuti pa chipinda wamba, chokhala ndi masipika a madesibelo 88 kapena kuposerapo, mawati enieni 70 mpaka 100 pa sipika iliyonse ndi okwanira.

Mawu akuti enieni ndi ofunika, chifukwa makampani amayeza mawati m'njira zosiyanasiyana. Risiva imodzi yomweyo ikhoza kulembedwa mawati 75 pamzere wina ndi mawati 165 pamzere wina, ndipo manambala onsewo n'kukhala oona malinga ndi mmene anayezera. Nambala yaikuluyo imapezeka poyendetsa sipika imodzi yokha ya ma ohm 6, pa liwu limodzi la 1 kHz, mawu atasokonezeka kale ndi 10 peresenti, zimene palibe amene angapirire kumvetsera. Nambala yodalirika ndi imene yayezedwa pa ma ohm 8, kuyambira pa mawu apansi kwambiri a 20 Hz mpaka pa mawu oonda kwambiri a 20 kHz, masipika awiri akulira pamodzi, kusokonezeka kwa mawu, kumene amakulemba kuti THD, kuli kochepera 0.1 peresenti. Makampani monga Denon, Marantz, Yamaha ndi Onkyo amaika nambala yotereyi m'mabuku awo, ndipo ndi imene muyenera kugwiritsa ntchito poyerekeza marisiva. Mukaona zilembo za PMPO, zimene ndi muyeso wokokomeza wa mphamvu, pafupi ndi mawati masauzande, musaziwerengere n'komwe. Kumbukiraninso kuti maampulifaya onse a mu risiva amadyera thiransifoma imodzi, kotero masipika 7 akamalira mwamphamvu nthawi imodzi, iliyonse imalandira mawati ochepa kuposa aja a masipika awiri.

Nkhani ya ma ohm ndi yaifupi koma si yoiseweretsa. Sipika ya ma ohm 4 imakoka magetsi ochuluka kuposa ya ma ohm 8, ndipo risiva imene sinapangidwe kuti inyamule katundu wotere imatentha kenako n'kudzithimitsa yokha. Yang'anani kumbuyo kwa risiva, pafupi ndi polumikizira mawaya, pamene amalemba ma ohm ovomerezeka. Musalumikizenso masipika awiri pamalo a sipika imodzi, chifukwa awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa mogundana chotero amasanduka ma ohm 4.

Anthu ena amaopa kuti risiva yamphamvu iwotcha masipika awo, koma kawirikawiri chimene chimawononga ndi risiva yofooka imene ikukakamizidwa, ngati njinga ya kabaza imene yasenzetsedwa matumba opitirira muyeso pachitunda. Ampulifaya ikafika pamapeto a mphamvu zake imayamba kudula nsonga za mawu, mawuwo amayamba kukanda m'makutu, ndipo twita, yomwe ndi kasipika kakang'ono ka mawu oonda, ndi imene imayamba kupsa. Mukamva mawu akuuma kapena kusweka, tsitsani voliyumu nthawi yomweyo.

Njira yosavuta yopeputsira risiva ndi kukhala ndi sabuwufa, yomwe ndi sipika ya mabesi okha, yokhala ndi ampulifaya yakeyake. Mabesi ndi amene amadya mphamvu zambiri, choncho mukalowa m'menyu ya risiva n'kutchera masipika onse pa Small, malire a mawu apansi n'kuwaika pa 80 Hz monga mmene THX, kampani yoika miyeso ya mawu a mafilimu, imalimbikitsira, mawu onse apansi amapita ku sabuwufa ndipo risiva imatsala ndi ntchito yopepuka. Ngati chipinda chanu n'chachikulu kwambiri kapena masipika anu ndi a madesibelo ochepa, sankhani risiva yokhala ndi mabowo olembedwa pre-out, kuti m'tsogolo mudzathe kuwonjezera ampulifaya yapadera popanda kugula zonse mwatsopano.

Amene mukuitanitsa risiva kuchokera kunja musamale ndi magetsi. Ku Malawi ndi ku Zambia magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, chimodzimodzi ku South Africa ndi ku Britain, pamene marisiva ogulitsidwa ku America amapangidwira mavoti 120 ndipo amapsa akalumikizidwa popanda thiransifoma yotsitsa magetsi. Risiva ikafika, iikeni pamalo opita mphepo, musaike dikoda kapena nsalu pamwamba pake, ndipo isiyireni mpata umene kabuku kake kanena, chifukwa risiva yotsekeredwa m'kabati imatentha ndi kuzima ngakhale mawati ake atakhala okwanira.