Kutsala ku Britain Kukagwira Ntchito Mukamaliza Digiri

Chofunika ndi Graduate visa. Imakupatsani zaka 2, kapena 3 ngati mwamaliza PhD, ndipo safuna kuti mukhale mutapeza kale ntchito.

Funsirani pa intaneti muli ku Britain komweko, viza yanu ya sukulu isanathe. Koma osapupuluma. Dikirani kaye yunivesite idziwitse Home Office, unduna wa boma la Britain woona za maviza, kuti mwakhoza, apo ayi adzakukanani. Konzekeraninso ndalama ya zaumoyo, £1,035 pa chaka, yolipiriratu yonse.

Ambiri amaphonya apa: mukakwera ndege kupita kumudzi yankho lisanabwere, pempholo limafera pompo. Yankho limatenga mpaka masabata 8, choncho zinkhoswe zidikire.

Vizayi saiwonjezera. Yambani msanga kusaka kampani yokhala ndi chilolezo chokuthandizani kupeza Skilled Worker visa, viza ya anthu olembedwa ntchito zaluso. Amene munapita pa Chevening, thandizo la maphunziro la boma la Britain, pangano lanu limati mubwerere kwanu kwa zaka 2.