Amene tulo tikukuvutani tayesani izi

Abale, amene mukumadzuka thupi lili lolemera ngati mwachezera kulima usiku wonse, tamverani izi, ine zandithandiza. Vuto lalikulu ndi foni. Ndinkalowa nayo mu neti ati ndingoonako ma status pa WhatsApp pang'ono, pozindikira ili 1 koloko maso ali gwa. Pano ikangokwana 9 ndimaisiya pa tchaja pabalaza, alamu ikalira m'mawa ndimachita kudzuka kukaizimitsa ndiye zobwereranso pabedi palibe.

Tiyi wamadzulo uja musiyeni kaye, ali ndi caffeine ngati khofi ndi Coca-Cola yemwe ndipo amachedwa kutha m'thupi, ine ikadutsa 3 koloko masana sindimwanso. Nsima idyani msanga, osati mitanda itatu kenako pompo pabedi, chilungulira chake simugona nacho.

Kukamatentha ngati mu Okutobala sambani musanagone, tsegulani windo koma neti muipisire bwino pansi pa matilesi, udzudzu umodzi wolira kukhutu umakwana kukuonongerani usiku wonse. Nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi olo Loweruka. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ndiye ngati mumadzuka 5, pofika 10 mukhale mutazimitsa magetsi.